Chikalata cha Makutu a Tleubek

Tayesani kulota yankho la funso ili. Munthu wosamva belu lolira pafupi ndi bondo lake angapambane bwanji mayeso a makutu chaka ndi chaka, dokotala osalandira chiphuphu, osanama, ndiponso osamuchitira chifundo? Funso limeneli linamusowetsa mtendere Zauresh, mayi woyendera malo a nyukiliya, kwa masiku awiri, ndipo chiphaso cha ng'anjo yathu ya nyukiliya chinali kudikira yankho lake.

Ng'anjoyo ndi yaing'ono. Siyatsa babu ngakhale limodzi m'nyumba ya munthu. Imakhala pansi pa thanki yakuya ya madzi oyera ngati galasi, m'nyumba yaitali ya njerwa zotuwa imene ili m'tsinde mwa mapiri, kupitirira minda ya maapozi. Ophunzira a ku yunivesite amabwera kudzayesera zitsulo zawo, koma ntchito yake yaikulu ndi kukonza ayodini amene galimoto imanyamula Lolemba lililonse kupita naye ku zipatala za mumzinda, kwa odwala khansa ya chithokomiro. Ayodiniyo sasungika. Pakatha masiku asanu ndi atatu mphamvu yake imakhala itatsika ndi theka, choncho ng'anjo ikaima, chithandizo cha odwala chimaimanso.

Chiphaso choyendetsera ng'anjoyo chimaperekedwa kwa zaka zisanu, ndipo chimene chinalipo chinkatha Lachisanu la sabata yomaliza ya Okutobala. Zauresh anafika Lolemba lake, atatumidwa ndi ofesi ya boma yoyang'anira za nyukiliya kuti aone ngati malowo akuyenera kupatsidwa china. Sanali mlendo kwenikweni. Zaka makumi awiri ndi ziwiri m'mbuyomo anaphunzira ntchito pomwepo asanapite ku likulu.

"Zauresh Amanovna!" anafuula mkulu wa malowo, a Kuandyk, akutsika masitepe atatambasula manja. "Mwabwera kudzationa kapena kudzatisenda chikopa?"

"Zitengera zimene mwabisa m'mafaelo, Kuandyk aga," anayankha Zauresh. Aga ndi mawu aulemu oitanira bambo wamkulu kwathu kuno.

"Tabisa nyama ya hatchi yokha, ndipo ikukudikirani masana ano."

"Mukudziwa kuti sindingadye za pamalo amene ndikuyendera. Ndatenga buledi ndi tiyi wanga."

"Tamumvani mwana wakwathu! Ku likulu kuja anakuchotsani chifu n'kuikamo buku la malamulo."

Masiku awiri oyambawo anawathera m'mapepala. Anawerenga mabuku a mashifiti, zotsatira za kuyeza madzi a m'thanki, ndi nthawi imene ndodo zozimitsira ng'anjo zimatenga kuti zigwe mpaka pansi. Anagwira ndi dzanja lake zidindo za pachitseko cha nkhokwe ya yureniyamu. Anaonanso zikalata za dokotala za antchito onse makumi asanu ndi limodzi, chimodzichimodzi. Zonse zinali m'malo mwake.

Lachitatu linali tsiku loyesa anthu. Ng'anjo inali yozima sabata yonseyo, koma oyendetsa ankayenera kukhala pamipando yawo ngati kuti ikuyaka, woyendera n'kumawaputa ndi ngozi zongoyerekeza. M'chipinda choyendetsera, patebulo lalitali lachitsulo lodzaza mabatani ndi timagetsi, panakhala amuna awiri. Wina anali Dosym, bambo wa ana atatu, wojintcha ndi wofatsa. Winayo anali a Tleubek, mmodzi mwa oyendetsa akuluakulu anayi a pamalopo, amene anakhala pampando umenewo zaka makumi anayi ndi chimodzi. Ndi iwo anaphunzitsa Zauresh ntchito.

"Tleubek aga, muli bwanji?" anawalonjera ali pakhomo.

Sanatembenuke. Dosym anakoka mpando wake mwaphokoso, ndipo apa m'pamene mkuluyo anacheuka, nkhope n'kuwala.

"Zauresh wanga! Kamwana koopa madzi kaja! Wabwera ndi chikwapu?"

"Ndabwera ndi cholembera chokha, aga."

"Chimenecho ndiye chimapweteka kuposa chikwapu. Khala apo, utione nkhalamba tikuvina."

Pamene ankalankhula nawo, Zauresh anaona kuti maso awo sanali m'maso mwake koma pamilomo yake. Anaonanso kuti chikhatho chawo chakumanzere sichinkachoka patebulo, ndipo pamalo amenewo penti inali itasupuka, chitsulo chikunyezimira mofanana ndi kukula kwa dzanja la munthu. Chenjezo la ngozi la m'chipindamo amalitchula kuti belu, koma ndi kabokosi komangidwa ndi mabawuti kunsi kwa tebulolo, kolira mokwera moboola m'makutu. Kakalira, chitsulo chonse chimanjenjemera.

Pa mayeso oyamba belu litangolira, dzanja lamanja la a Tleubek linali kale pa batani loyenera. Masekondi awiri. Zauresh analemba. Kenako anawapempha kuti apite ku kabati ya kumbuyo kwa chipinda akamuwerengere manambala a pa mamita a pampu. Atafika kumeneko, msana ataulozetsa kutebulo, iye analoza Dosym batani loyesera belu.

Dosym anamuyang'ana ngati munthu wouzidwa kuti amenye bambo ake. Zauresh analozanso. Dosym anadina.

Belu linalira mpaka mano a Zauresh anachita dzanzi. A Tleubek ankangowerenga manambala awo modekha, chala chili pagalasi la mita. Masekondi asanu anatha, kenako asanu ndi atatu. Pa sekondi yakhumi ndi chimodzi Dosym anamenya pansi ndi chidendene cha nsapato yake, ndipo mkuluyo anatembenuka, n'kuona timagetsi tofiira tikuphethira. Anafika patebulo mofulumira, nachita zonse molondola. Atatha anaima chilili, osayang'ana munthu. Zauresh analemba nambalayo m'buku lake.

Anamupeza Dosym pakhonde la kuseri, kumene antchito amasutira fodya.

"Zinayamba liti?"

"Zachiyani, apai?" anafunsa Dosym, akumuitana ndi mawu aulemu oitanira mayi.

"Usandipusitse, Dosym. Chidendene chako ndachimva m'makutu, iwo achimva m'mapazi."

Dosym anazimitsa ndudu yake pakhoma pang'onopang'ono. "Zaka ziwiri. Mwina zitatu. Mawu a amuna amamva ukakhala pafupi. Koma belu ndi mawu a akazi, ayi. A pashifiti amati n'chifukwa chake ukwati wawo ukukoma masiku ano." Anayesa kuseka, koma anaona kuti ali yekha.

"Bwanji sunanene?"

"Ndikanene kwa yani, ndipo ndiyambe ndi mawu ati? Ndi iwo anadula chingwe chamwambo chimene tinamanga m'miyendo ya mwana wanga woyamba pamene ankayamba kuyenda. Pamaliro a bambo anga ndi iwo anaponya dothi loyamba. Lero ndiwauze kuti, aga, mwagontha? Lilime lake ndikalibwereke kuti? Komanso dokotala analemba kuti amamva. Ine ndine yani wotsutsana ndi chidindo?"

"Ndipo tsiku lina ukadzatuluka kupita kuchimbudzi, iwo ali ku kabati?"

"Sindituluka, apai. Zaka ziwiri sindinamwepo tiyi pashifiti."

Zauresh anakatenga faelo ya a Tleubek n'kulowa nayo mu ofesi ya a Kuandyk. Anaitsegula pa chikalata cha mwezi wa Malichi. Chinkati khutu lamanja limamva kunong'ona pa mtunda wa mamita asanu ndi limodzi, lamanzerenso chimodzimodzi. Pansi panali dzina la dokotala wa pamalopo, a Emma Karlovna, ndi chidindo chozungulira. Zikalata za zaka zam'mbuyo zonse zinkanena zomwezo.

"Munthu ameneyu sanamve belu kwa masekondi khumi ndi limodzi," anatero Zauresh. "Pepala ili likuti amamva kunong'ona. Chimodzi mwa ziwirizi chikunama, ndipo belu silidziwa kunama."

A Kuandyk anavula magalasi. Nthabwala zonse zinali zitawathera. "Mukufuna kunena chiyani?"

"Ngati chikalatachi chinagulidwa, kapena chinalembedwa mwachifundo, lamulo silindipatsa njira ina. Chiphaso sichituluka, zikalata za antchito onse zikayesedwanso kwina, ndipo apolisi alowapo. Miyezi isanu ndi umodzi, kuchepa kwake."

"Miyezi isanu ndi umodzi popanda ayodini! Mukudziwa kuti akudikira ndi anthu angati?"

"Ndikudziwa, aga. Ndinawerenga ndisanabwere. Ngati palibe chinyengo, ndiye kuti achoka pampando ndi munthu mmodzi yekha, ng'anjo n'kumayaka masiku ochepa pasabata ndi oyendetsa atatu otsalawo. Ayodini akwana, ophunzira ndiwo adikire. Koma kuti ndilembe zimenezo ndiyenera kudziwa mmene pepalali linabadwira."

"Emma Karlovna kulandira chiphuphu? Mayi amene amabweza ngakhale chokoleti cha pa Chaka Chatsopano?" A Kuandyk anapukusa mutu. "Chabwino. Mawa m'mawa awayezenso inu muli pomwepo. Akalephera, nditseka geti ndi manja angawa."

Kachipatala ka pamalopo kali kuseri kwa kantini. A Emma Karlovna anali mayi wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri, wamfupi, wa tsitsi loyera lomangidwa kumbuyo, chovala chawo chaudokotala chositidwa mpaka kuuma. Atamva chimene Zauresh anadzera, milomo yawo inafupika.

"Mtsikana iwe, ine ndinayamba kuyeza anthu usanaphunzire kumanga zingwe za nsapato. Ukuganiza kuti ndingagulitse chidindo changa ndi mwendo wa nkhosa?"

"Sindikuganiza kanthu, Emma Karlovna. Ndikufuna kuona basi."

"Ona ndithu. Maso ndi ako."

Pansi pakhonde la kachipatalako panali mizere iwiri ya penti yofiira, yotalikirana mamita asanu ndi limodzi. Umo ndi mmene makutu amayezedwera kwathu kuno kuyambira kalekale: woyezedwa amaima pamzere wina chammbali, atatseka khutu limodzi ndi chala, dokotala n'kumanong'ona manambala ali pamzere winawo. Zauresh anayendera khonde lonse. Anapachika jasi lake pagalasi la kabati kuti munthu asaonerepo milomo ya mnzake. Anatseka katani ya pawindo chifukwa cha zithunzithunzi. Anayala bulangeti pamene dokotala ankaima, kuti phazi lisagunde pansi. A Kuandyk anawapempha kuti akaime panja.

A Tleubek analowa atavala suti yawo yakuda, ngati munthu wopita kumaliro. Anaima pamzere, nayang'ana khoma, natseka khutu lamanzere. Dokotala anatulutsa mpweya, nanong'ona. Mkuluyo anayankha nambala mokweza. Inali yolondola. Yachiwiri, yolondola. Yachitatu, yolondola. Anatembenuka, natseka khutu linalo, ndipo zinayendanso momwemo. Manambala asanu ndi limodzi, osaphonya ngakhale imodzi. Nthawi yonseyi Zauresh ankasuzumira manja, mapazi ndi maso a anthu awiriwo, koma sanaone chizindikiro chilichonse.

"Wakhuta?" anafunsa dokotala, akupinda bulangeti lija.

Panja a Kuandyk anamulandira ndi manja awiri. "Mwaona nokha, Zauresh Amanovna. Dzulo nkhalamba inatopa chabe, ndani satopa? Pepala ndi loona, mayeso ndi oona. Sainani, tonse tipume."

Ndipo Zauresh akanatha kusaina. Palibe munthu ku likulu amene akanamufunsa kanthu. Anali ndi chikalata cha chidindo, anali ndi mayeso amene anawaonerera yekha, ndipo masekondi khumi ndi limodzi aja akanawalemba ngati kachinthu kofunika kukonza. Galimoto ya ayodini ikananyamuka Lolemba monga mwa masiku onse, mphunzitsi wake n'kukhalabe pampando wake mpaka atadzafuna yekha kuchoka. Anakhala pabenchi pansi pa mtengo wa maapozi, buledi wake ali pamwendo osamudya, akuyang'ana chipale chofewa chatsopano chimene chinayera pansonga za mapiri. Ng'anjoyo imadzizimitsa yokha zinthu zikavuta kwambiri, izi ankazidziwa. Koma ankadziwanso chifukwa chake lamulo limafuna munthu wakumva pampandopo: pali mavuto ena aang'ono amene makina amangochenjeza, n'kusiyira munthu kuti aganize. Pampu ikayamba kutentha, kapena madzi akayamba kutsika pang'onopang'ono, wina ayenera kumva.

Dzuwa litapendeka anavala jasi loyera ndi nsapato zansalu, napachika pachifuwa kachipangizo koyezera cheza cha nyukiliya, n'kulowa m'holo ya ng'anjo. Anawapeza a Tleubek ali okha pa kamlatho kachitsulo kodutsa pamwamba pa thanki, atatsamira chitsulo chotchinga, akuyang'ana pansi pamadzi. Anakwera n'kuima patsogolo pawo kuti aziona milomo yake.

"Ukukumbukira tsiku lako loyamba pano?" anatero mkuluyo. "Unagwira mkono wanga mpaka kusiya zikhadabo."

"Ndikukumbukira, aga. Ndabwera kudzakufunsani chinthu chimodzi. Kodi belu lija mumalimva?"

Mkuluyo anabwezera maso m'thanki. Pansi pamadzipo, mamita asanu ndi awiri kuya kwake, ng'anjo inkaoneka yaing'ono ngati mbiya yachitsulo.

"Ayi," anayankha. "Ndimalimva m'dzanja. Mdzukulu wanga akamandiimbira nyimbo za kusukulu, ndimaomba m'manja ndikaona kuti watseka pakamwa. Munthu akanong'ona ndimangomva kuti kwadutsa kamphepo, mawu ake ayi." Anamwetulira pang'ono. "Pa maphwando onse mutu wa nkhosa amaupereka kwa ine, ine n'kumadula makutu kugawira ana kuti akule akumvera. Iwenso ndinakupatsapo. Zikuoneka kuti ndinagawa onse, osadzisiyira ngakhale limodzi."

Zauresh sanathe kuseka. "Chifukwa chiyani simunanene?"

"Poyamba sindinkadziwa. Khutu silichoka ngati dzino, kuti uone magazi. Limachoka ngati mlendo waulemu, osamenyetsa chitseko. Nditadziwa, ndinawerenga oyendetsa akuluakulu n'kupeza kuti tilipo anayi, ndipo lamulo limafuna anayi kuti ng'anjo iyake sabata yathunthu. Ndinati ndidikire wachisanu amalize maphunziro. Anamaliza n'kupita kunja kukagwira ntchito. Ndinati ndidikire wina." Anasisita chitsulo chotchingacho. "Zimenezo ndi zimene ndinkadziuza. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa kukhala kunyumba. Ndinakhala pampando uja tsitsi langa lili lakuda bii. Ndikachokapo ndikhala ndani?"

"Dosym sanamwe tiyi pashifiti zaka ziwiri chifukwa cha inu."

Mkuluyo anatsinzina. Izi sankazidziwa. Anapisa dzanja m'thumba la mkati mwa suti, natulutsa kabuku kofiira, chiphaso chawo cha woyendetsa wamkulu. M'makona mwake munali mutafewa ngati nsalu. Anakapereka ndi manja awiri.

"Tenga. Dzulo pamene ndinatembenuka n'kuona magetsi ofiira aja akuphethira popanda ine, ndinadziwa kuti zatha. Ulembe kuti ndinabisa. Ndi zoona, usazifewetse. Koma Dosym umuleze mtima. Wamkulu sauzidwa, ndife tinamulera choncho."

Zauresh analandira kabukuko. "Aga, izi zokha sizipulumutsa ng'anjo. Mwangondiuza kuti simumva kunong'ona, koma m'mawa uno mwapambana mayeso ine ndili pomwepo. Ndikalemba zimenezi osafotokoza, ku likulu anena kuti munapangana ndi dokotala. Chiphaso sichituluka, ndipo a Emma Karlovna akamalizira ukalamba wawo kukhoti. Ndiuzeni. Munapangana?"

"Sindinamupatse kanthu, ndipo iye sanandiuze kanthu. Mayi uja amakhulupirira ndi mtima wonse kuti ndimamva."

"Nanga munachita bwanji?"

"Chimenecho sichituluka m'kamwa mwanga. Mkazi wanga atagwa ndi matenda a mtima, Emma anayenda wapansi m'chipale chofika m'maondo kudzamupulumutsa. Ine sindingakhale mboni yomuneneza. Komanso mawu anga angakuthandize chiyani? Mawu a munthu amene wangovomera kuti wabisa zinthu zaka ziwiri? Ndinakuphunzitsa chiyani za buku la shifiti?"

"Kuti ndisamalembe zimene ndauzidwa, ndizilemba zimene ndaona."

"Basi. Mawa m'mawa upite ukayezetse makutu ako. Usamuuze chifukwa, ungoima pamzere ngati wina aliyense."

Atatero anatsika kamlathoko pang'onopang'ono atagwira chitsulo, ndipo sanacheukenso kuyang'ana madzi.

Lachisanu kunacha kukuzizira. Chiphaso chakale chinkatha tsiku lomwelo, ndipo a Kuandyk anali atayendayenda kale kangapo kutsogolo kwa chipinda chimene Zauresh ankagwiriramo ntchito. Iye anawadutsa ndi moni chabe, nalunjika kukachipatala.

A Emma Karlovna ankathirira maluwa awo a pawindo. "Wabweranso? Lero ukufuna kuona chiyani, mano anga?"

"Ndabwera kudzayezetsa makutu anga."

"Ako? Kodi ku likulu madokotala anatha?"

"Belu la dzana lija likulirabe m'mutu mwanga." Sikunali kunama.

"Hm. Ana a masiku ano, zaka makumi anayi koma matupi ngati agogo. Vula mpango. Ima pamzere uwo, yang'ana khoma, tseka lamanzere. Usacheuke, ndimadana ndi akuba."

Zauresh anaima pamzere wofiira. Pakhoma patsogolo pake penti inali itang'ambika pang'ono, ndipo anadziwa kuti maso a antchito onse a pamalopo akhala akuyang'ana mng'alu womwewo chaka ndi chaka. Anamva dokotala akutulutsa mpweya.

"Makumi awiri ndi chimodzi," kunamveka kunong'ona.

"Makumi awiri ndi chimodzi," anayankha.

"Makumi anayi ndi zinayi."

Anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma nambalayo anaizindikira. Dzulo lake anali atatanganidwa ndi mapazi, magalasi ndi zithunzithunzi, moti manambalawo anangomudutsa. Tsopano anabwerera onse, m'mawu okweza a Tleubek.

"Makumi anayi ndi zinayi," anatero. Kenako, dokotala asanakoke n'komwe mpweya wina, anawonjezera: "Khumi ndi zitatu."

Zauresh anachotsa chala m'khutu n'kutembenuka. A Emma Karlovna anali ataima pamzere wawo, pakamwa pali pululu, nambala imene sananeneyo ikadali palilime.

"Wadziwa bwanji?"

"Khutu lamanzere mukanayamba ndi makumi atatu ndi zisanu, si choncho?"

Dokotalayo anachoka pamzerepo. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pabenchi ya odwala, nakhala pansi.

"Amene ndinamulowa m'malo ankangotchula zilizonse zobwera m'mutu," anatero motsitsa. "Wina ankapeza manambala osavuta, wina ovuta. Ine ndinati zimenezo si chilungamo. Ndinasankha abwino, ena a mawu okwera, ena a mawu otsika, monga buku limanenera, kuti aliyense ayezedwe mofanana. Wosesa ndi mkulu wa malo ano, mofanana." Anakweza maso. "Tleubek samva?"

"Samva, Emma Karlovna."

"Kuyambira liti?"

"Zaka ziwiri kapena zitatu. Iwo eni sakudziwa tsiku lake."

"Ndipo ine n'kumadinda." Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya chovala chawo, ngakhale anali oyera. "Lemba, mtsikana. Lemba zonse, dzina langa ulilembe bwino. Usandichitire chifundo, ine sindinachitirepo munthu."

Zauresh anapempha kaundula wa kachipatalako, naitana antchito anayi a m'madipatimenti osiyana, mmodzimmodzi. Aliyense anamufunsa ngati angakumbukire zimene dokotala amanong'ona. Mlonda wa pageti ndi wophika wa kukantini anatchula onse asanu ndi limodzi ngati akutchula mayina a ana awo, ndipo anadabwa kuti zimenezi n'zofunsa.

Masana a tsikulo anasaina. Chiphaso chatsopano chinatuluka ndi mfundo zake: ng'anjo iziyaka masiku atatu okha pasabata kufikira patapezeka woyendetsa wamkulu wachinayi, a Tleubek achoke pampando kuyambira tsiku lomwelo, Dosym alandire chenjezo lolembedwa, oyendetsa onse akayezedwe makutu ndi makina ku chipatala cha mumzinda ng'anjo isanayatsidwe Loweruka. A Kuandyk anawerenga pepalalo kawiri, nalisayina osanena nthabwala, kenako anatumiza uthenga ku zipatala kuti galimoto ya Lolemba ibwera.

Chinatsala ndi tsamba lomaliza la lipoti, pamene fomu imafunsa gwero la vuto. Zauresh anayang'ana pawindo. A Tleubek ankatuluka pageti atanyamula kachikwama ka zinthu za m'kabati yawo, ndipo mlonda anaimirira n'kuika dzanja pachifuwa mpaka iwo atadutsa. Zauresh anabwerera pa pepala lake n'kulemba kuti panalibe chiphuphu ndipo panalibe pangano. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, dokotala ankanong'oneza wantchito aliyense manambala asanu ndi limodzi omwewo, motsatana chimodzimodzi, ndipo a Tleubek anali atawaloweza pamtima makutu awo akadali amoyo.